Kuwerengera njira popanda kuzilemba zonse: permutation ndi combination

Gulu la banki m'khonde lili ndi mamembala 12 ndipo likufuna wapampando, mlembi ndi msungichuma. Maudindo amenewa angagawidwe m'njira 1,320. Gulu lomwelo likafuna anthu atatu oti akaliimirire kumaliro, njira zimangokhala 220. Anthu ndi omwewo, osankhidwa ndi atatu konseko, koma mayankho atalikirana chonchi. Amene wamvetsa gwero la kusiyanaku wamaliza gawo lalikulu la mutu wonse, chifukwa ophunzira ambiri salakwa pochulukitsa kapena pogawa ayi. Amalakwa asanagwire n'komwe kalkuleta, posadziwa chomwe akuwerengera.

Choyamba: jambulani timabokosi

Musathamangire fomula. Werengani funso, muone malo amene akufunika kudzazidwa, kenako jambulani kabokosi kamodzi pa malo aliwonse. Pa chisankho chija timabokosi ndi titatu. M'kabokosi ka wapampando mungalowe aliyense mwa anthu 12. Mmodzi akakhala pampando, otsala oti n'kukhala mlembi ndi 11. Pa msungichuma patsala 10. Chulukitsani: 12 × 11 × 10 = 1,320.

Timachulukitsa chifukwa pa wapampando aliyense mwa 12 aja pali alembi 11 otheka, ndipo pa awiri aliwonse amene mwapezawo pali asungichuma 10 otheka. Lamulo lake n'lakuti zinthu zikamachitika motsatizana, ichi ndi ichi ndi ichi, chulukitsani. Zikakhala zoti muchita ichi kapena icho koma osati zonse, phatikizani. Munthu amene ali ndi malaya 4 ndi mathalauza 3 angavale m'njira 12. Munthu amene angapite kumudzi pa imodzi mwa mabasi 4 kapena pa imodzi mwa maminibasi 3 ali ndi njira 7.

Chachiwiri: sinthanitsani anthu awiri, muone ngati chasintha

Ili ndiye funso lofunika kuposa onse. Tengani yankho limodzi, musinthanitse malo a anthu awiri. Mlembi akakhala msungichuma, msungichuma n'kukhala mlembi, kodi zinthu zasintha? Zasintha ndithu, bokosi la ndalama lapita kunyumba ina. Apa dongosolo lili ndi ntchito, ndipo kuwerengera kotere ndiko kumatchedwa permutation. Nanga atatu opita kumaliro aja, mukatchula uyu poyamba kapena pomaliza? Palibe chasintha, opita ndi omwewo. Imeneyi ndi combination.

Ndiye 220 yachokera kuti? Tiyeni titche anthu atatu A, B ndi C. Mu 1,320 muja atatuwa awerengedwa kangapo: ABC, ACB, BAC, BCA, CAB, CBA. Pa maudindo zimenezi ndi njira 6 zosiyana, koma pa ulendo wa kumaliro ndi gulu limodzi. Gulu lililonse la atatu labwerezedwa ka 6 chimodzimodzi, choncho 1,320 ÷ 6 = 220. Combination ndi permutation yomwe mwaichotsa zobwereza, palibenso chinsinsi china.

Musadalire mawu a m'funso okha. N'zoona kuti "sankhani" amakonda kupita ku combination ndipo "ndandalikani" amapita ku permutation, koma funso loti "sankhani kaputeni ndi wachiwiri wake" lili ndi mawu oti sankhani pomwe ndi permutation. Sinthanitsani awiriwo, muona nokha.

Mpira umaonetsa bwino kusiyanaku. Mu ligi ya matimu 16, timu iliyonse ikakumana ndi inzake kamodzi kokha, masewera amakhala 16 × 15 ÷ 2 = 120, chifukwa A kusewera ndi B n'chimodzimodzi B kusewera ndi A. Koma akamasewera kwawo ndi koyenda, A pakwawo ndi B pakwawo ndi masewera awiri osiyana, ndiye sitigawa: 16 × 15 = 240. Anthu 20 akapatsana moni wa m'manja, aliyense ndi mnzake kamodzi, moni yense ndi 20 × 19 ÷ 2 = 190.

Mafomula, ndi zomwe zilembo zake zikunena

Chizindikiro cha ! pambuyo pa nambala chimawerengedwa kuti factorial, ndipo chimatanthauza kuchulukitsa nambalayo ndi onse a pansi pake mpaka 1. Motero 5! = 5 × 4 × 3 × 2 × 1 = 120, omwe ndi kuchuluka kwa njira zondandalikira zinthu zisanu zosiyana pamzere. Anayamba kulemba chonchi ndi katswiri wa masamu Christian Kramp mu 1808. Manambala ake amakula mothamanga kwambiri: 6! = 720, 7! = 5,040, ndipo 10! yafika kale 3,628,800.

Mukakhala ndi zinthu n, n'kumatengapo r, permutation imalembedwa nPr ndipo combination imalembedwa nCr:

nPr = n! ÷ (n − r)!

nCr = n! ÷ (r! × (n − r)!)

Kagawo ka r! kamene kali m'munsi mwa nCr ndi ka 6 kaja tinagawira pa ulendo wa kumaliro. Dziwaninso kuti 0! = 1, osati 0. Chifukwa chake n'chapafupi: kundandalika zinthu zonse zisanu ndi 5P5 = 5! ÷ 0!, ndipo tikudziwa kale kuti yankho liyenera kukhala 120.

Powerengera pamanja musavutike ndi kutambasula 12! yonse. Pa 12C4 lembani manambala anayi pamwamba kuyambira 12 kutsika, ndi anayi pansi kuyambira 4 kutsika: 12 × 11 × 10 × 9 pamwamba, 4 × 3 × 2 × 1 pansi. Fafanizani 12 ndi 4 × 3, gawani 10 ndi 2, patsala 11 × 5 × 9 = 495. Yankho la nCr likatuluka ndi desimo, mwalakwitsa penapake. Komanso kusankha 18 mwa 20 n'chimodzimodzi kusankha awiri otsala, ndiye 20C18 = 20C2 = 190; tengani mbali yaifupi.

Pa kalkuleta ya Casio fx-82MS pali batani lolembedwa nCr, ndipo nPr mumaipeza podina SHIFT kenako batani lomwelo. Pa fx-82ES ndi fx-991ES, nPr ili pa SHIFT ndi ×, nCr ili pa SHIFT ndi ÷. Nambala yaikulu ndiyo imayamba: 12, nCr, 4. Mukazitembenuza imakupatsani Math ERROR. Imakananso 70! chifukwa yapitirira malire ake, imathera pa 69!. Mu Excel lembani =PERMUT(12,3), =COMBIN(12,3) kapena =FACT(5).

Chachitatu: kodi chinthu chingabwerezedwe?

Mafomula awiriwa amagwira ntchito pokhapokha chinthu chikatengedwa sichibwereranso. Munthu mmodzi sangakhale wapampando komanso mlembi. Koma PIN ya manambala anayi ingakhale 7707, palibe choletsa. Apa kabokosi kalikonse kali ndi manambala onse 10, kuyambira 0 mpaka 9, ndiye 10 × 10 × 10 × 10 = 10,000. Funso likanena kuti nambala isabwerezedwe, ndi pamene mumalemba 10 × 9 × 8 × 7 = 5,040. Amene wangodina 10P4 asanadzifunse za kubwereza wataya pafupifupi theka la ma PIN.

Loko wa manambala wa pasutikesi amasokoneza anthu chifukwa pa Chingerezi dzina lake lili ndi mawu oti combination. Musapusitsidwe: 3-8-5 satsegula loko amene munamutchera pa 5-8-3. Dongosolo lili ndi ntchito, kubwereza n'kololedwa, ndipo timawilo titatu timapereka njira 1,000.

Zinthu zofanana pamzere

Zilembo za mawu oti ZOMBA ndi zisanu ndipo zonse n'zosiyana, choncho zingandandalikidwe m'njira 5! = 120. MALAWI ali ndi zilembo 6 koma A alipo awiri. Mukasinthanitsa ma A awiriwo, diso silikuona kusintha kulikonse, ndiye mu 720 muja kandandalikidwe kalikonse kawerengedwa kawiri: 720 ÷ 2 = 360. Pa MASAMBA zilembo ndi 7, A alipo atatu, M alipo awiri: 7! ÷ (3! × 2!) = 5,040 ÷ 12 = 420. Cholakwika chofala apa ndi kugawa ndi 3 m'malo mwa 3!. Ma A atatu amasinthana malo m'njira 6, osati 3. Pa zilembo ziwiri cholakwikachi sichioneka chifukwa 2! ndi 2 yemweyo, n'chifukwa chake munthu amazolowera kulakwa osadziwa.

Chachinayi: yambani ndi malo ovuta

Funso likakhala ndi zoletsa, dzazani kaye kabokosi komwe kali ndi choletsacho, ngakhale katakhala komaliza. Tiyese: pogwiritsa ntchito 0, 1, 2, 3, 4, 5 popanda kubwereza, tingapange manambala angati a malo atatu? Zero sangayambe, chifukwa 045 ndi 45 chabe. Kabokosi koyamba kali ndi njira 5. Kachiwiri kalinso ndi 5, poti zero uja wabwerera m'gulu. Kachitatu kali ndi 4. Onse pamodzi ndi 5 × 5 × 4 = 100.

Tsopano funso liwonjezere kuti nambalayo ikhale yogawika ndi 2. Iyenera kuthera pa 0, 2 kapena 4. Apa zoletsa ziwiri zakoderana pa zero, ndipo amene angolemba 3 m'kabokosi komaliza asowa choti alembe koyamba: ndi 5 kapena 4? Zikatere gawani samuyo pawiri. Ikathera pa 0, kabokosi koyamba kali ndi 5, kapakati 4, zomwe ndi 20. Ikathera pa 2 kapena 4, komaliza kali ndi njira 2, koyamba 4 poti zero saloledwa ndipo nambala imodzi yapita kale, kapakati 4, zomwe ndi 32. Phatikizani, chifukwa ndi ichi kapena icho: 52. Mungatsimikize powerengera osagawika ndi 2, omwe ndi 3 × 4 × 4 = 48, ndipo 52 + 48 = 100.

Okhala limodzi ndi osafuna kuyandikana

Anthu 6 akhala pa benchi, koma mayi ndi mwana wake ayenera kukhala moyandikana. Amangeni awiriwo ngati mtolo umodzi. Tsopano pali zinthu 5 zondandalika, njira 120. M'kati mwa mtolomo mayi angakhale kumanzere kapena kumanja, njira 2. Yankho ndi 240. Ambiri amaiwala kumasula mtolo n'kusiyira pa 120.

Awiriwo akakhala oti sayenera kuyandikana, musavutike kufufuza malo. Tengani zonse, muchotse zoletsedwa: 720 − 240 = 480. Osafuna kuyandikanawo akakhala atatu kapena kuposa, njira yochotsayi siikwanira, chifukwa kuchotsa pamene atatu onse ali limodzi kumasiya pamene awiri okha ayandikana. Khazikani kaye enawo, kenako ikani osayandikanawo m'mipata. Anyamata 4 pamzere amasiya mipata 5, kuwerengera kumapeto konse. Atsikana atatu oti asayandikane amalowa m'mipata imeneyi m'njira 5 × 4 × 3 = 60, ndipo anyamatawo amakhala m'njira 24: 24 × 60 = 1,440.

Anthu 6 omwewo akazungulira mbale imodzi, aliyense akasunthira kumanja malo amodzi, oyandikana nawo sasintha. Khazikani mmodzi, mundandalike otsalawo: 5! = 120. Mipando ikakhala ndi manambala, tabwerera ku 720. Mikanda 6 yosiyana pa mkanda wa m'khosi imakhala 60, chifukwa mkanda mungautembenuze, zomwe simungachite ndi anthu.

"Osachepera mmodzi": dzenje lomwe limameza ambiri

Apa tichedwepo, chifukwa njira yolakwika imaoneka yanzeru kwambiri. M'gulu lija la anthu 12 muli amayi 7 ndi abambo 5. Pakufunika komiti ya anthu 4.

Ngati komiti ikhale ya amayi awiri ndi abambo awiri, sankhani mbali iliyonse payokha n'kuchulukitsa: 7C2 × 5C2 = 21 × 10 = 210. Palibe vuto.

Nanga ngati mukomitimo muyenera kukhala bambo osachepera mmodzi? Maganizo amene amabwera msanga ndi awa: ndisankhe kaye bambo mmodzi, njira 5, kuti lamulo likwaniritsidwe, kenako atatu otsala ndiwatenge mwa anthu 11 otsala, njira 165. Yankho n'kutuluka 5 × 165 = 825. Koma makomiti onse otheka a anthu 4 mwa 12, opanda lamulo lililonse, ndi 495 okha. Gawo silingapose chinthu chonse.

Chalakwika n'chiyani? Tengani komiti ya abambo awiri, P ndi Q, ndi amayi awiri. Yawerengedwa pamene P anasankhidwa poyamba ndipo Q anabwera ndi atatu otsala. Yawerengedwanso pamene Q anali woyamba ndipo P anabwera pambuyo. Komiti ya abambo atatu yawerengedwa katatu, ya abambo anayi kanayi. Mwalowetsa dongosolo pamene silikufunika, ndipo simungakonze pogawa ndi nambala imodzi chifukwa makomitiwo sanabwerezedwe mofanana.

Njira yolondola yaifupi ndi kuchotsa zosafunika. Makomiti opanda bambo aliyense ndi 7C4 = 35, choncho 495 − 35 = 460. Njira yaitali ndi kupatula magulu. Bambo mmodzi ndi amayi atatu: 5 × 35 = 175. Abambo awiri: 210. Abambo atatu ndi mayi mmodzi: 10 × 7 = 70. Abambo anayi: 5. Kuphatikiza, 460 yemweyo. Ubwino wa njira yaitali ndi wakuti imayankhiratu mafunso ena: abambo osachepera awiri ndi 210 + 70 + 5 = 285, abambo osapitirira mmodzi ndi 35 + 175 = 210. Ndipo mukawonjezera 35 uja pa 460 mupeza 495, chizindikiro choti simunasiye gulu lililonse.

Ndi bwino kuona komwe 825 inachokera: 175 + 2 × 210 + 3 × 70 + 4 × 5 = 825. Cholakwika chonse chili poyera pamenepo.

Pamene funso limodzi likufuna zonse ziwiri

Mafunso ena amafuna kusankha kaye, kundandalika pambuyo. Komiti ya anthu 4 mwa 12, mmodzi mwa iwo akhale wapampando: 495 × 4 = 1,980. Mungayambirenso mbali ina, wapampando kaye kenako atatu mwa 11: 12 × 165 = 1,980. Taonani kuti pano kusankha mmodzi poyamba n'kololedwa, chifukwa woyambayo ali ndi udindo weniweni womusiyanitsa ndi anzake. Pa samu ya abambo ija woyambayo analibe udindo, munamupatsa ndinu.

Kugawa anthu m'magulu kumafuna kusamala komweko. Ana 6 agawidwe m'matimu awiri a atatuatatu. 6C3 = 20, koma kusankha ABC kusiya DEF n'chimodzimodzi kusankha DEF kusiya ABC. Matimuwo akakhala opanda mayina, yankho ndi 10. Ina ikavala zofiira ina zobiriwira, ndi 20.

Kubwereza popanda dongosolo

Patsala mtundu umodzi umene suyanjana ndi nPr kapena nCr mwachindunji. Mukugula zinthu 5 kwa mayi wogulitsa mandasi, zitumbuwa ndi samusa, ndipo mungatenge zingati zilizonse za mtundu umodzi. Dongosolo lilibe ntchito, zonse zikulowa m'jumbo imodzi, koma kubwereza kulipo. Jambulani timadontho 5 pamzere ndi timizere tiwiri togawa timadonthoto m'zigawo zitatu. Mwachitsanzo ••|•|•• ndi mandasi awiri, chitumbuwa chimodzi, samusa awiri. Pomwe |•••••| ndi zitumbuwa zokhazokha. Malo onse ndi 7, ndipo mukungosankha awiri oti mukhale timizere: 7C2 = 21. Timizere nthawi zonse timachepera mitundu ndi kamodzi. Funso likanena kuti mtundu uliwonse upezekemo, ikani kaye chimodzichimodzi m'jumbo, mugawe ziwiri zotsalazo: timadontho 2 ndi timizere 2, 4C2 = 6. Apa kuikiratu sikubwereza kanthu chifukwa mandasi onse ndi ofanana, mosiyana ndi abambo P ndi Q.

Chomaliza: yesani njira yanu pa samu yaing'ono

Vuto la masamu awa n'lakuti yankho lolakwika limaoneka bwinobwino ngati lolondola. 825 alibe chilema chooneka ndi maso. Choncho musanatseke kope chitani zinthu zitatu. Yerekezani yankho ndi chiwerengero cha zonse popanda zoletsa, lisapose. Werengerani kudzera njira yachiwiri ngati ilipo, monga tachitira ndi 460 ndi 1,980. Ndipo mukakayika, chepetsani manambala mpaka muthe kulemba zonse pamanja.

Nachi chitsanzo cha kuchepetsako. M'malo mwa amayi 7 ndi abambo 5, tengani amayi awiri, X ndi Y, abambo awiri, P ndi Q, komiti ya anthu awiri yokhala ndi bambo osachepera mmodzi. Lembani: PX, PY, QX, QY, PQ. Alipo 5. Njira yochotsa ikupereka 4C2 − 1 = 5. Njira yosankhiratu bambo ikupereka 2 × 3 = 6, ndipo mukalemba zisanu ndi chimodzizo mupeza PQ ndi QP zili apo zonse ziwiri.